NTHENDA YA SHUGA, NDI MABODZA AMENE AYENDA NAYO

Abale ndi alongo, ndi inu aphunzitsi a m'midzi, tifuna kukamba nanu za nthenda imene makolo athu sanaimva kawiri kawiri, koma lero yalowa m'mabanja ambiri, ndipo iri kutilanda anthu amene tikadakhala nao zaka zina zambiri. Kapena mumdziwa munthu wotere m'mudzi mwanu momwe. Anali wamphamvu, wolima munda wace yekha. Tsono ayamba kumva ludzu losatha, namwa madzi cikho ndi cikho, nadzuka usiku kasanu kukataya madzi. Adya bwino, koma thupi liri kutha. M'maso mucita nkhungu, ndipo kacironda ka ku phazi kakhala miyezi iwiri kosapola. Akazi ace posesa ku cimbudzi mamawa apeza nyerere zaunjikana pamene anakodzapo. Pomwepo anthu ayamba kunong'onezana: ena ati amlodza cifukwa ca malire a munda, ena ati ndi Edzi, namleka yekha. Koma kadontho kamodzi ka mwazi wa ku cala, koyesedwa ku cipatala, kakadaulula mlandu wonse tsiku lomwelo.

Nyerere zija si za lero ai. Asing'anga akale a ku India anaziona zaka zoposa 1,000 zapitazo, napatsa nthendayi dzina lakuti mkodzo wa uci. M'caka ca 1674 dotolo wa ku England, Thomas Willis, analemba kuti mkodzo wa odwalawo uzuna ngati uci. Ndipo mu 1776 Matthew Dobson wa ku Liverpool anauphwetsa pa moto, napeza shuga wotsalira pansi pa mbale. Nthenda ndi yakale, koma kucuruka kwace ndiko kwatsopano. Bungwe la World Health Organization linawerenga kuti mu 1990 odwala shuga pa dziko lonse anali 200 miliyoni, ndipo pofika 2022 anakwana 830 miliyoni. Kuno ku Malawi, pamene anayesa anthu a zaka 25 kufikira 64 m'caka ca 2009, anapeza kuti 5 kapena 6 mwa 100 ali onse anali ndi shuga wopitirira, ndipo ambiri a iwo sanadziwa konse.

Tiyambe ndi kumvetsa cimene cicitika m'kati mwa thupi, pakuti bodza limera pamene palibe cidziwitso. Nsima, mpunga, cinangwa, mbatata ndi buledi, zonsezi zikafika m'matumbo zisanduka shuga, ngakhale pakamwa sizizuna. Shugayo alowa m'mwazi, ndipo ndiye nkhuni za thupi. Popanda iye munthu sakhoza kukweza khasu kapena kuganiza. Koma kuti acoke m'mwazi ndi kulowa m'minofu, pafunika mankhwala ena amene thupi lidzipangira lokha m'kapamba, ciwalo ciri kuseri kwa cifu. Dzina lace ndi insulini. Yesani cimanga cimene cafika pabwalo, koma palibe wocikweza m'nkhokwe: cingounjikana panja ndi kuonongeka, pamene ana ali ndi njala m'nyumba. Momwemo insulini akasowa, kapena minofu ikaleka kumumvera, shuga adzala m'mwazi. Impso ziyesa kumtaya pamodzi ndi madzi ambiri, ndico cifukwa ca kukodza kosalekeza ndi ludzu lija. Ndipo thupi, posowa nkhuni, liyamba kutentha mafuta ndi minofu yace yomwe, munthu naonda ali kudya.

Mitundu yace yaikuru iripo iwiri. Mtundu woyamba ugwira makamaka ana ndi acinyamata. Kapamba aleka kupanga insulini, ndipo nthenda ibwera msanga, m'masabata owerengeka. Kale mwana wotere analibe ciyembekezo. Koma mu 1921 Frederick Banting ndi Charles Best, ku Toronto m'dziko la Canada, anapeza njira yoturutsa insulini m'kapamba wa nyama. Ndipo mu Januwale 1922 mnyamata wa zaka 14, Leonard Thompson, amene anatsala mafupa okha okha, analandira jekeseni, nakhalanso ndi moyo zaka 13. Mwana wa mtundu uwu afuna insulini masiku onse a moyo wace, ndipo palibe cakudya kapena muzu wolowa m'malo mwace. Aphunzitsi, mau awa ndi anu: mwana amene wayamba mwadzidzidzi kupempha kuturuka kawiri kawiri, wothamangira ku mjigo nthawi iri yonse, woonda, wosinza m'kalasi, kapena amene makolo ati wayambanso kukodza pa mphasa, musamkwapule ngati waulesi. Itanani makolo apite naye ku cipatala tsiku lomwelo. Akayamba kusanza ndi kupuma mozama, pamenepo masiku atha, kwatsala maora.

Mtundu waciwiri ndiwo wa anthu oposa 9 mwa odwala 10 ali onse. Uwu ubwera mwakacetecete, zaka ndi zaka, makamaka mwa akuru. Insulini alipo, koma minofu siimumvera bwino, ndipo kapamba alema ndi kugwira nchito yowirikiza. Pali shuga winanso wa akazi apakati, amene kawiri kawiri atha mwana atabadwa. Mai amene anabala khanda loposa makilogalamu 4 ayenera kumayesedwa m'zaka za m'tsogolo. Poyesa, dotolo afuna mwazi wa mamawa munthu asanadye kanthu. Muyeso ukafika 7.0, kapena 126 pa makina owerenga mwa njira yina, ndipo ukabwerezanso tsiku lina, nthenda yadziwika.

Tsono tifike ku zonena za anthu. Ambiri ati iyi ndi nthenda ya olemera, ya a m'tauni okwera galimoto. Coonadi cace ndi cakuti kunenepa, makamaka kwa pamimba, ndi kukhala pansi tsiku lonse kuitana nthendayi. Ndipo ife amene tinazolowera kuyamika munthu kuti "mwanenepa, akusungani bwino" tiyenera kuyamba kusamala mau athu. Koma zipatala za kuno ziona odwala ambiri oonda, alimi osauka amene sanalawe cuma. Mu Epulo 2025 bungwe la International Diabetes Federation, posonkhana ku Bangkok, linabvomereza kuti pali mtundu wina wa shuga wogwira acinyamata oonda amene anakula ndi njala, kapamba wao wosakula bwino. Nthendayi iyendanso m'mtundu: amene atate kapena amai wace anali nayo ayesedwe, angakhale ndi wocepa thupi. Siipatsirana ai. Mukhoza kudya naye mbale imodzi, kumwera cikho cimodzi, kugona naye nyumba imodzi, osatenga kanthu.

Ena ati, "Ine sindithira shuga m'tiyi, nanga ndidwala bwanji?" Koma taona kale kuti mitanda inai ya nsima yoyera iri ndi shuga wace wobisika, woposa wa m'tiyi kutali. Ena asiya shuga wa m'sitolo nayamba uci kapena nzimbe, poyesa kuti za m'chire siziononga. Mwazi susiyanitsa, zonse uzilandira monga shuga.

Bodza limene litibvuta koposa ndi la zowawa. Anthu alingalira kuti popeza nthenda ndi yozuna, cowawa cidzaithetsa. Motero amwa madzi a masamba a nimu, ndi mizu ya mitundu mitundu yogulidwa pa msika m'mabotolo opanda muyeso, nataya mapiritsi a ku cipatala. Lilime ndilo limva kuwawa, koma kapamba alibe lilime. Sitinyoza mitengo, pakuti metformin yemwe, mankhwala amene odwala ambiri alandira, ciyambi cace ndi therere lina la ku Ulaya la dzina lakuti Galega, ndipo dotolo wa ku Paris, Jean Sterne, anayamba kupatsa odwala mu 1957. Kusiyana kwace ndi uku: uyu anayesedwa, muyeso wace udziwika, ndi zoopsa zace zidziwika. Za m'botolo la pa msika palibe adziwa mphamvu yace, ndipo impso za wodwala shuga ndi zofooka kale. Coipa cina ndi kutema mphini pa miyendo ya dzanzi. Kabala ka lumo pa phazi la wodwala shuga kakhoza kutha ndi kudulidwa mwendo.

Nanga munthu angacite ciani ndi manja ace? Zambiri ndithu, ndipo izi zinayesedwa poyera. Ku America anatenga anthu 3,234 amene shuga wao unayamba kukwera koma asanadwale, nawagawa magulu atatu. Ena anangolandira malangizo wamba, ena anamwa metformin, ndipo ena anaphunzitsidwa kucepetsa thupi ndi magawo 7 mwa 100 ndi kuyenda ndawala mphindi 150 pa sabata. Zotsatira zinafalitsidwa mu 2002: pa caka cimodzi, mwa anthu 100 a gulu loyamba anadwala 11, a gulu la mapiritsi pafupi 8, koma a gulu losintha madyedwe ndi mayendedwe pafupi 5 okha. Miyendo ndi mbale zinapambana mapiritsi. Ndipo mu 2017 madotolo a ku Scotland ndi kumpoto kwa England anaonetsa kuti mwa odwala onenepa a mtundu waciwiri, amene sanapitirire zaka 6 cidziwikire nthenda yao, 46 mwa 100 anabwerera ku muyeso wabwino wopanda mapiritsi caka citatha, atacepetsa thupi moyang'aniridwa ndi anamwino. Mwa amene anataya makilogalamu 15 kapena kuposa, anali 86 mwa 100. Komatu mvetsani bwino: nthenda inagona, siinafe, ndipo thupi likabwerera iyonso idzuka. Njira iyi si ya woonda kale, ndipo si ya mwana wa insulini.

Tsopano za mbale, pakuti apa ndi pamene mabanja akangana. Sitinena kuti wodwala aleke nsima. Munthu wa kuno ukamletsa nsima adzakubvomera pamaso, nakadya mobisa kwa mlongo wace. Cofunika ndi kutembenuza mbale. Mwambo wathu ndi phiri la nsima ndi kandiwo kocepa kongonyowetsera mbamu. Wodwala shuga acite mosiyana: theka la cakudya cace likhale masamba, monga nkhwani, bonongwe, cisoso, khwanya, mpiru, cigwada kapena therere; gawo limodzi mwa anai likhale nyemba, nandolo, khobwe, nzama, usipa, matemba kapena dzira; ndipo gawo lotsala likhale nsima ya ukuru wa nkhonya yace yomwe. Ufa ukhale mgaiwa, cifukwa gaga amene ticotsa pokonola ndiye acedwetsa shuga kulowa m'mwazi, ndipo ufa woyera wonyikidwa ndi kusinjidwa bwino ulowa ngati madzi a mvula pa thanthwe. Ufa wa mapira ndi wa mawere ndi wabwinonso. Koma pano pabadwa bodza lina, lakuti mgaiwa ndi mankhwala, ndipo munthu adye mitanda isanu mosaopa. Iai, mgaiwa wambiri ndi shuga wambiri. Kwa a ku nyanja odya kondowole muyeso ndi womwewo, ndipo asamale koposa, pakuti cinangwa ndi ufa wokha wokha.

Tidziwa kuti m'miyezi ya njala, Januwale ndi Febuluwale, kusankha kucepa, ndipo munthu adya cimene capezeka. Koma miyezi yomweyo ndiyo ya masamba ocuruka m'minda, osagula; ndipo mai wanzeru afutsa mfutso wokwanira cilimwe conse. Cakudya cigawidwe katatu pa tsiku pa nthawi zodziwika, kusiyana ndi kukhala ndi njala kufikira madzulo ndi kudya kamodzi kophulitsa mimba. Zipatso siziletsedwa: bango limodzi la papaya, gwafa, nthoci imodzi, mango amodzi. Cimene tiletsa ndi kukhala pansi pa mtengo mu Disembala ndi dengu la mango kufikira litatha.

Zakumwa ndizo msampha waukuru, cifukwa shuga wa m'madzi athamangira m'mwazi wosacedwa, ndipo sakhutitsa. Botolo limodzi la zozuna za m'sitolo likhala ndi shuga wa masupuni ang'ono 7 kapena 8. Thobwa lothira shuga, maheu ndi masese ziri m'gulu lomwelo. Pa maukwati, pa maliro ndi pa misonkhano yathu, pamene mlendo wolemekezeka apatsidwa botolo ndi mandasi, wodwala acita manyazi kukana. Cifukwa cace tipempha amai ophikira misonkhano kuti aziika madzi abwino ndi tiyi wosathira pambali, ndipo asakakamize mkuru amene wati "zikomo, sindimwa." Kacasu ali ndi ngozi yace yina: aletsa ciwindi kuturutsa shuga wosungidwa, kotero kuti womwa mapiritsi a glibenclamide kapena wobaya insulini akhoza kukomoka usiku, anzace nayesa kuti waledzera cabe. Fodya atseka mitsempha imene shuga waiyamba kale kuononga. Mcere ucepe, pakuti shuga ndi kuthamanga kwa mwazi ziyenda pamodzi ngati mapasa, ndipo ziwirizi ndizo zibala kufa ziwalo ndi nthenda ya mtima.

Za kuyenda sitidzacurukitsa mau. Minofu yogwira nchito imwa shuga wa m'mwazi, ngakhale insulini ali wocepa mphamvu. Mphindi 30 pa tsiku, masiku 5 pa sabata, kuyenda kofulumira kufikira thukuta liyamba, ndiwo muyeso. Mlimi m'dzinja apitirira pamenepo ndi khasu lace. Koma tikumbutsa abambo kuti kuyambira pokolola kufikira posadza mizere ambiri akhala pa bawo miyezi inai, ndipo shuga sapumula cilimwe. Mphunzitsi, wa sitolo, wosoka pa makina, ndi agogo amene adzukulu awacitira zonse mwaulemu, awa ndiwo ayenera kudzipangira ulendo dala, makamaka atangotha kudya.

Shuga wokhala wokwera zaka zambiri adya mitsempha yaing'ono ya m'maso, ya m'impso ndi ya ku mapazi mosamveka kuwawa. Ndico cifukwa cace mau akuti "ndiri bwino tsopano, ndaleka mankhwala" atiopsa. Kumva bwino ndi umboni wakuti mankhwala ali kugwira nchito. Ife ndife anthu a pemphero, ndipo wodwala timpempherera ndi mtima wonse. Koma wina akauza wodwala kuti ataye insulini monga cizindikiro ca cikhulupiriro, akuru a mpingo amdzudzule poyera, pakuti mwana wa mtundu woyamba wosiya jekeseni akhoza kufa m'masiku ocepa. Momwemonso kusala cakudya: womwa mankhwala a shuga asayambe kusala asanafunse dotolo wace. Ndipo amene auzidwa kuti ayambe insulini asayese kuti amlembera imfa. Kapamba wa mtundu waciwiri afooka ndi zaka, ngakhale mwa munthu wosamala, ndipo jekeseni angobwezera cimene casowa. Kumene kulibe firiji, kabotolo kasungidwe kotsekedwa bwino m'mtsuko wa dothi wa madzi ozizira, pamthunzi, kutali ndi moto.

Pali cinthu cina cimene abambo sanena, koma cipasula mabanja. Shuga afooketsa mphamvu za mwamuna m'nyumba, ndipo mwamunayo aganizira mkazi wace kuti wamcita mankhwala, mkazi naganiza kuti mwamuna ali ndi wina. Ankhoswe pomva mlandu wotere ayambe afunsa ngati bamboyo anayesedwa mwazi. Wodwala shuga agwidwanso cifuwa cacikuru msanga koposa anzace, motero cifuwa ca masabata awiri cisamweredwe mankhwala a m'sitolo. Maso ayesedwe ku cipatala kamodzi pa caka, angakhale aona bwino.

Mapazi afuna mau ace pa okha. Dzanzi likalowa, munthu aponda munga kapena msomali wosamva, nayenda nao tsiku lonse. Madzulo ali onse asambe mapazi ndi madzi ofunda pang'ono, oyesedwa ndi cigongono, napukute bwino pakati pa zala, nayang'ane pansi pa phazi. Ngati maso kapena msana sizilola, mdzukulu amyang'anire. Asayende wopanda nsapato, ngakhale pabwalo pace, ndipo asanabvale akutumule nsapato, mungakhale mwala kapena cinkhanira. M'nyengo ya cisanu, Juni ndi Julayi, asaothe moto ndi mapazi pafupi, pakuti ambiri apsa osadziwa. Matekenya ndi zikhadabo zolowa m'mnofu zisacotsedwe ndi lumo kapena singano ya m'nyumba. Cironda ciri conse cosayamba kupola m'masiku awiri, kapena cotupa, cakuda, ca pfungo, cipite ku cipatala msanga.

Catsala cimodzi cimene mphunzitsi ali yense ndi mkuru wa mpingo ali yense ayenera kudziwa, pakuti cidzacitika pamaso panu. Wobaya insulini kapena womwa glibenclamide akacedwa kudya, kapena akayenda ulendo wautali kudza ku mapemphero wosadya mamawa, shuga wace akhoza kutsika kopitirira. Ayamba kunjenjemera, thukuta lozizira lituruka, mtima ugunda, alankhula zosamveka kapena akwiya popanda cifukwa, ngati woledzera kapena wogwidwa ndi mizimu. Apa ndi pamene shuga asanduka mankhwala. Sungunulani masupuni ang'ono 3 kapena 4 m'kapu ya madzi, amwe pomwepo. Dikirani mphindi 15, ndipo ngati sanatsitsimuke bwerezani. Akatsitsimuka mpatseni cakudya ceni ceni, monga mbatata kapena phala. Koma ngati wakomoka ndipo sakhoza kumeza, musamthire kanthu m'kamwa, angatsamwe. Mgonekeni cam'mbali, ndipo mtengereni ku cipatala ca pafupi pa njinga, pa ngolo kapena pa macira, wina atsogole kukanena kuti ndi wodwala shuga. Wodwala yense wa mankhwala awa ayende ndi kaphukusi ka shuga m'thumba kapena pa mfundo ya citenje, pamodzi ndi buku lace la ku cipatala. Ndipo inu aphunzitsi amene muli ndi mwana wa insulini m'sukulu mwanu, sungani kacitini ka shuga ndi supuni m'kabati, ndi kumlola adye kamba wace ngakhale belu lisanalire.